Tsiku Limene Tinamumeta Zipora

Mitundu,
Lilongwe.
14 Okotobala 1984.

Wokondedwa mlongo wanga Efulemu,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako, wa mlamu wanga Margret, ndi wa ana, Felix ndi Lonely. Kodi chifuwa chija cha fumbi la mumgodi chinakusiya? Kuno tilipo. Dzuwa likuwotcha, zitsime zayamba kuphwa, ndipo anthu akungokhalira kudambo kuthirira nazale za fodya.

Kalata yako yachipepeso inafika patatha milungu itatu titaika abambo. Sindikukuimba mlandu. Telegalamu inachedwa, ndipo ku Kitwe si pafupi. Kalatayo inafika yomatidwa kawiri, monga zimafikira kalata zochokera kunja masiku ano. Choncho amene awerenge iyi iwe usanaione, nayenso ndikumupatsa moni. Asavutike, muno mulibe za boma. Muli za mwana wanga.

Ndikudziwa kuti amalume a Davide akulembera. Anakalembetsa kwa mphunzitsi mnzanga mobisa, kuiwala kuti mphunzitsiyo ali ndi mkazi, ndipo mkaziyo amatunga madzi pamodzi ndi ine. Akufuna uvomereze kuti Zipora apite ku chipatala cha odwala misala ku Zomba, akakhale komweko. Akuti iwo akalamba, mwini mbumba tsopano ndiwe, ndipo chimene unene iwe ndicho chichitike.

Iwe amene ndinkakupukuta mamina ndi nsonga ya diresi yanga, lero ndiwe woweruza za mwana wanga. Chabwino, mwambo wathu ndi umenewo. Koma usanawayankhe, werenga iyi mpaka kumapeto. Iwo akulembera zimene mwanayu anachita. Zimene tinamuchita ife sanalembe.

Unamusiya Zipora ali ndi zaka zitatu. Tsopano ali ndi khumi, wamtali ngati malemu amayi, wa maso okongola amene sayang'ana munthu. Ukamuitana satembenuka, koma lole ikamabwera kumsewu amatseka makutu iwe usanaimve. Ndiwo zikakhudzana ndi nsima m'mbale imodzi sadya. Akasangalala amakupiza manja ngati akuwaumitsa. Mawu ali nawo, koma ndi obwereka: amabwereza zimene anamva kwa wina, mpaka kamvekedwe kake ka mwini mawuwo.

Ali ndi zaka zisanu ndinapita naye ku Likuni. Dokotala wina wachikulire anakhala naye nthawi yaitali, akungomuyang'ana akusewera. Kenaka anandiuza kuti kwawo zimenezi amazitcha otizimu. Anati si misala, si kugontha, si kulodzedwa. Mwanayu anabadwa choncho, amamva ndi kuona zinthu m'njira yakeyake, ndipo phokoso kapena dzanja la munthu zimamupweteka kuposa mmene zimatipwetekera ife. Anati jekeseni yake palibe. Chimene chilipo ndi kuleza mtima, ndi kuchita naye zinthu mofanana tsiku ndi tsiku.

Ine ndinatola liwu lija, malangizo ndinawasiya pabenchi. Ukundidziwa. Ndinachoka ku yunivesite ku Zomba ndi mimba m'malo mwa digiri. Mwini mimbayo lero ndi bwana wa tayi ku Blantyre, ine ndine mphunzitsi wogwirizira pa pulayimale ya denga lodontha. Ndinabwera kumudzi kuno ndi sutikesi ya mabuku ndi mkwiyo, ndipo liwu la dokotala linasanduka chikwapu changa. Amayi a pachitsime akati mwana wanu ndi wopepera, kapena akanong'ona kuti abambo anamukhwimira kuti njinga zowonongeka zoti akonze zizibwera zambiri, ndinkawaponyera liwu lachizungulo n'kuwafunsa ngati angathe kulilemba. Mikangano yonse ndinkapambana.

Koma munthu akandiitana kuti amake Zipora, sindinkayankha. Ndinkati dzina langa ndi Martina, ndilo lili pa masatifiketi. Anthu anazolowera, anayamba kungonditcha aphunzitsi.

Abambo liwu lija sanathe kulitchula mpaka kumwalira kwawo. Ankangoti mwanayu safuna kudzidzimutsidwa, basi.

Ukumbukira kuti amayi atamwalira, akwathu anawasudzula abambo kuti abwerere kwawo ku Nathenje, monga achitira ndi mkamwini aliyense. Azakhali a Enifa, mlongo wawo, anabwera ndi ngolo kudzatenga katundu. Abambo anakana kukwera. Anafunsa kuti akapita, mwanayu azitsala ndi yani mayi wake akapita kukaphunzitsa. Ngolo inabwerera yopanda kanthu. Kuyambira pamenepo azakhali amanena paliponse kuti chimwana chosalankhula chinawalanda mlongo wawo.

M'mawa uliwonse abambo ankamukweza pakaliyala kupita naye pamsika, pansi pa mtengo wa keshya uja ankakonzerapo njinga. Anali ndi wilo lakale lakutsogolo limene analimangirira pa foloko yokhomera pathabwa. Pa folokoyo anamangapo kachidutswa ka chubu kokhudza masipoko, kuti wilo likamazungulira lizilira. Zipora ankakhala pamenepo tsiku lonse akulizunguza ndi chala chimodzi. Akatopa ankasanja manati ndi timabolo ta m'habu m'zitini, tating'ono patokha, tatikulu patokha, mwakuti abambo ankangotambasula dzanja osayang'ana, n'kupeza chimene akufuna. Ankauza anthu kuti ameneyu ndiye kapitawo wawo.

Dzuwa likapendeka ankapukuta manja pa sanza n'kunena mawu omwewo tsiku lililonse: Zipora, ntchito yatha, tiye kwathu. Akapanda kunena zimenezo, ngakhale kugwe mvula, mwanayo sankanyamuka.

Tsopano imva za tsitsi, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Mutu wa Zipora sukhudzidwa. Ine ndinayesapo chipeso kawiri, ulendo wachiwiri ndinatuluka magazi padzanja. Abambo okha ndiwo ankamumeta, ndipo inali ntchito ya mlungu wathunthu. Lolemba ankamuonetsa sizasi n'kuiika pathabwa pamene iye aiona. Lachiwiri ankadzidula okha tsitsi pang'ono iye akuyang'ana. Kuyambira Lachitatu, wilo likuzungulira, ankadula pang'onopang'ono kuyambira kunkhongo. Wilo likaima ankati wilo laima, ifenso tiime, n'kuika sizasi pansi. Mwanayo akalizunguzanso, iwo ankapitiriza.

Ine ndinkawaseka. Ndinkati munthu wamkulu wa imvi kumagwadira mwana ngati ndi bwana wa kuboma. Iwo ankangoti iwe ndiwe wophunzira, mwanawe, ine ndimangodziwa njinga, ndipo nati yolimba ukaikakamiza imathyoka.

Abambo anagwa Lachinayi masana, sipanala ili m'manja. Anthu anawanyamula kuthamangira nawo kuchipatala. Ine uthenga unandipeza m'kalasi, ndinathamangira komweko, ndinapeza atatsirizika kale. Ndipo ndikuvomera, mwana ndinamuiwala. Anakhala pansi pa keshya mpaka msika unatha, akuzunguza wilo, akudikira kuuzidwa kuti ntchito yatha. Amake Masozi, amayi aja amagulitsa tomato pafupi ndi pamenepo, ndiwo anamunyamula kubwera naye kunyumba, iye akukuwa njira yonse.

Maliro anapita kwawo ku Nathenje. Pasiwa amayi atayamba kulira, Zipora anatseka makutu n'kukabisala kuseri kwa nkhokwe. Nkhope sanaone. Kumanda ana sapita. Msozi sanagwetse ngakhale umodzi. Nthawi imene bokosi linkatuluka m'nyumba, iye anali atapeza chivundikiro cha poto, akuchizunguza pansi, akuseka chifukwa cha kuzungulirako. Nyimbo itaduka, anthu onse anamva kusekako.

Ndinamva amayi ena kumbuyo kwanga. Wina anati taonani, agogo ake anasiya kwawo chifukwa cha iye, lero akuwaseka. Mnzake anayankha kuti musadabwe, ndi mwana wa a ku yunivesite ameneyo. Ndinameza, chifukwa pamaliro sayankha. 

M'mawa mwake kunali kumeta. Ukudziwa mmene zimakhalira: oferedwa onse pamphasa, lumo likuyenda mutu ndi mutu, kuti maliro achoke pathupi. Ine ndinametedwa. Kenaka azakhali a Enifa anati bweretsani chidzukulu chokondedwa chija. Mayi wina wa Chigwirizano, amene sindimudziwa n'komwe dzina, anati mwanayu musiyeni, kapena mungodula katsitsi kamodzi pamphumi, mwambo ukhala wakwana. Azakhali anatembenukira kwa ine, lumo lili m'manja. Anati zili kwa mayi wake, mwina ku Zomba anawaphunzitsa kuti ana awo ndi azungu, sametedwa maliro.

Efulemu, njira inalipo. Mayi uja anaitsegula pamaso pa anthu onse. Ndikanangoti inde, katsitsi kamodzi, palibe akanandiimba mlandu. Koma ndinafuna kuwaonetsa anthu a ku Nathenje kuti mwana wanga si nyama yakutchire, amamvera mayi wake ngati ana ena onse. Sindinkaganiza za iye. Ndinkaganiza za amayi aja anali kumbuyo kwanga.

Ndinakamutenga kuseri kwa nkhokwe. Lumo sindinamuonetse. Sindinamuuze kanthu. Ndinamukhazika pakati pa miyendo yanga, ndinamupana ndi mawondo, ndinagwira manja ake onse kumbuyo. Amayi awiri anagwira miyendo. Azakhali anamuthira madzi ozizira pamutu, anapaka sopo, n'kuyamba.

Kukuwa kwake sindingathe kukulemba. Koma mkati mwa kukuwako munali mawu. Ankati wilo laima, wilo laima, wilo laima, ndi mawu a abambo enieni. Anthu anaseka, ena anati wayamba zake zija. Pa anthu onse amene anali pamenepo, ndine ndekha ndinkadziwa tanthauzo lake. Mwana wanga ankapempha kuti tiime, m'njira yokhayo imene anaphunzitsidwa kupemphera. Ndinamva. Ndinalimbitsa mawondo.

Lumo linamucheka pamwamba pa khutu. Anapotoza khosi n'kuwaluma azakhali padzanja mpaka mano kulowa. Zimenezo ndizo amalume akulembera, ndipo ndi zoona, chipsera azakhali ali nacho, amachionetsa kwa aliyense wodutsa. Chimene sanalembe ndi chakuti ine ndinamumenya mbama, mutu uli wometedwa theka, magazi akutsikira m'khosi, n'kuwauza kuti malizitsani. Anamalizitsa.

Kuyambira tsiku limenelo Zipora analeka kulankhula. Ngakhale mawu obwereka aja anatha. Ndikamuyandikira ankaphimba mutu ndi manja onse awiri, n'kuwerama.

Katundu wa abambo anapita yense ku Nathenje: njinga, zida, zitini, ndi wilo lija. Azakhali akuti akusungira iwe, mwana wamwamuna. Ndinapempha wilo lokha. Anandionetsa dzanja lomanga nsalu n'kufunsa ngati masiku ano mwana woluma akuluakulu amalandira mphatso.

Titabwerera kuno, m'mawa uliwonse ankanyamuka yekha wapansi, mamailosi atatu, kukakhala pansi pa keshya. Malowo anali atatenga kale munthu wina wogulitsa makala. Akaona njinga yoimikidwa, ya aliyense, ankaigwetsa n'kuyamba kuzunguza wilo. Eni ake ankamukalipira, ana ankamugenda. Tsiku lina anagwetsa njinga ya mmodzi wa anyamata oyang'ana makadi a chipani pachipata cha msika. Ndinaitanidwa kuchokera m'kalasi. Ndinagwada pafumbi, ine, pamaso pa munthu amene anabwereza Sitandade 5 kawiri m'manja mwangamu. Anatisiya, koma anati ulendo wina nkhaniyi ipita kumtunda.

Madzulo ake amalume a Davide anabwera ndi chingwe cha mbuzi. Anati ndikamapita kusukulu ndizimumangirira pamzati wa khonde, asatiitanire mavuto pamudzi. Ndinawatukwana. Ndinawauza kuti mbuzi zawo ndizo zimawadziwa bwino, azikalamula kukhola komweko. Iwo anangosiya chingwecho pakhonde n'kumapita.

Lolemba lake mfundo ndinamanga ndine. Milungu iwiri yathunthu. Ndinkamusiyira madzi m'kapu ndi mbatata pambale, n'kupita kukaphunzitsa ana a eni ake ndakatulo. Pobwera ndinkapeza atazungulira mzati mpaka chingwe chatha, dothi lili lopondedwa mozungulira ngati pamene pagona mbuzi. Sankalira. Zikanakhala bwino akanalira.

Loweruka lina ndinamumasula, ndipo m'malo momutsekereza ndinamutsatira pambuyo. Anayenda osacheuka mpaka pamsika. Anakakhala pamalo pake penipeni, pakati pa matumba a makala, kuyang'ana pamene pankakhala abambo. Ndinakhala naye tsiku lonse, koyamba m'moyo wanga. Ndinaona chimene anthu sankanena. Pakadutsa munthu wa chipewa cha khaki ngati cha abambo, iye ankadzuka, kumuyang'ana kumapazi, n'kukhalanso pansi.

Amake Masozi anandipatsa mpando. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anafunsa mwaulemu kuti aphunzitsi, pepani, kodi mwanayu munamuuza kuti agogo ake anamwalira?

 

Palibe anamuuza, Efulemu. Ine, amalume, azakhali, abusa, palibe ndi mmodzi yemwe. Tonse tinkati samva. Tinamuimba mlandu wosalira maliro amene sitinamuuze. Iye ankangodziwa kuti tsiku lina agogo ananyamulidwa osanena kuti ntchito yatha, kenaka kunachitika phokoso lalikulu, kenaka mayi wake anamupana n'kumucheketsa. Ankapita kumsika kukadikira munthu yekhayo amene akanamuchotsa m'manja mwathu.

Pamenepo ndinakumbukira sizasi ija pathabwa. Zipora kumuuza kokha sikukwana. Amafuna kuonetsedwa, ndiponso pang'onopang'ono.

Ndinachita monga ankachitira abambo. Lachitatu ndinatenga chithunzi chawo chija anajambulitsa ataima ndi njinga, ndinachiika pamphasa, ndinakhala patali pang'ono. Ndinati agogo anamwalira, thupi lawo lili pansi pa dothi ku Nathenje, sabweranso kumsika, Loweruka tikaona pamene ali. Lachinayi ndinanena mawu omwewo. Lachisanu omwewo. Sanandiyang'ane, koma Lachisanulo anagona ndi chithunzicho.

Loweruka ndinamumanga mpango m'makutu chifukwa cha phokoso la basi, ndipo tinapita. Ndinayamba ndafika kwa mkulu wa adzukulu osamalira manda kukapempha. Anandimvetsera bwino, sanandinyoze. Koma anati mwana salowa kumanda, ndipo ngakhale wamkulu salowa popanda maliro kapena tsiku lolambula. Anati tidikire chiliza. Chiliza chikudikira iwe, ndipo iwe sitikudziwa udzabwera liti. Ndinathokoza, ndinatsanzika, ndinazungulira kuseri kwa madimba, n'kulowa naye kumandako dzuwa lili pamutu.

Pamtumbira anaikapo chipewa chawo cha khaki chija, ndi kapu yawo yachitsulo ataiboola pansi. Zipora anaima. Anatola chipewa, anachinunkhiza. Kenaka anakhala pansi monga ankakhalira pamsika, miyendo ataipinda. Ndinanena mawu aja kamodzi, n'kukhala chete. Inde, ine, kukhala chete. Mwina ola lathunthu.

Kenaka analankhula, koyamba m'miyezi iwiri. Ndi mawu a abambo, okhuthala aja, mpaka ndinacheuka. Anauza mtumbira kuti ntchito yatha, tiye kwathu. Anadikira. Ananenanso. Anagogoda dothi ndi chala chake chozunguzira wilo chija. Kachitatu ananena motsitsa kwambiri.

Atatero anayamba kugwedezeka, kutsogolo, kumbuyo, akubuula chapansipansi, chipewa atachifumbata pamimba. Misozi panalibe. Koma ndakhala pamaliro ambiri, ndamva amayi odziwa kulira amene amamveka mudzi wachitatu, ndipo sindinamvepo kulira koposa kumeneko. Sindinamugwire. Manja anga ankafuna, ndinawakhalira.

Atamaliza anabwezera chipewa pamalo pake penipeni, anachiwongola, anaimirira. Osandiyang'ana, anagwira nsonga ya chitenje changa ndi zala ziwiri. Ndinazindikira kuti akudikira. Ndinati Zipora, ntchito yatha, tiye kwathu. Ananyamuka.

Chichokereni kumeneko sanapitenso kumsika. Chingwe ndinabweza kwa eni ake.

Koma anthu a ku Nathenje anationa potuluka kumanda kuja. Mlandu unakhalapo, ndinapereka nkhuku, ndipo sindikudandaula, chifukwa mwambo wawo ndinauphwanya ndikudziwa. Chimene chatipweteka ndi chakuti azakhali akufalitsa zoti ndikuphunzitsa mwana ufiti. Akuti mwana woseka pamaliro, woluma anthu, wolankhula ndi mawu a munthu wakufa pamanda, mufunanso umboni wanji? Nkhaniyo inafika kuno ife tisanatsike basi. Amayi ena aletsa ana awo kudutsa pakhomo panga. Amalume si munthu woipa, ndinawatukwana mopitirira. Akuopa. Akuopa ufiti, akuopa a pachipata cha msika, akuopa kuti wina adzamuvulaza mwanayu iwo ali moyo. Akuti ku Zomba kuli anthu odziwa.

Za chipatalacho sindinena zoipa, sindinalowemo. Mwina odwala misala amathandizidwa. Koma Zipora sakudwala misala. Kumeneko kuli nkhope zachilendo, phokoso lachilendo, mbale zachilendo, ndipo palibe amene akadziwe kuti akanena kuti wilo laima ndiye kuti akupempha. Adzangoti wayamba zake zija. Ndinachoka ku Zomba ndi mwanayu m'mimba, ndili ndi manyazi. Sindingamubwezeko ngati katundu amene ndinatenga molakwitsa.

Ufunsa kuti nanga ndichita naye bwanji. Ndinapita kwa a hedimasitala, ndinapempha, ndipo alola kuti azikhala kumbuyo kwa kalasi yanga pafupi ndi chitseko. Mlungu wathawu wakhala masiku anayi, akusanja zitsekerero za mabotolo zimene ana amawerengera masamu. Tsiku limodzi belu linamudzidzimutsa, anathawira m'munda wa sukulu. Tsopano ndimayang'ana wotchi n'kumuuza belu lisanalire, iye amatseka makutu n'kudikira. Ana ena ankaseka. Ndinawauza kuti makutu a mnzawoyu amamva kwambiri kuposa awo, ndipo ambiri anasiya. Ana savuta ngati makolo awo.

Sindikunamiza kuti zonse zili bwino. Masiku ena sadya. Masiku ena amadzimenya pamutu, ine osadziwa chifukwa. Ndimapsabe mtima, lilime langa silinasinthe tsiku limodzi. Ndipo ndikakweza dzanja, ngakhale kungofuna kutenga mchere pamwamba, amaphimbabe mutu. Chimenecho ndinachipanga ndine, ndipo ndimachiona kangapo patsiku.

Iwe ukudziwa kuti sindinakupemphepo kanthu. Pamene ndinabwera ndi mimba sindinapemphe. Pamene unkatumiza zovala ndinkabweza mawu akuti sitinafe ndi usiwa. Lero ndikugwada, ndipo ndikuti inu, achimwene, eni mbumba, amalume ake a Zipora. Ndikupempha zinthu ziwiri.

Choyamba, muwalembere amalume a Davide kuti mwana sapita kulikonse, akhala ndi mayi wake. Mulembe mofatsa, musachite ngati ine. Muwauze kuti mwamva nkhawa yawo. Kalata yanu akaiwerenga pabwalo, anthu amva, chifukwa ndi mawu a mwamuna wa kumigodi. Anga anatha mphamvu kalekale, ndinawamwaza pachitsime.

Chachiwiri, muwalembere azakhali a Enifa. Njinga ndi yanu, zida ndi zanu, sindikuzifuna. Koma pakati pa katunduyo pali wilo lakale lopanda tayala, lokhomera pathabwa, la kachubu pa foloko. Silingakwere pa njinga iliyonse, ndi lopindika. Kwa ine akana, kwa inu sangakane. Munene kuti mwalipereka kwa mwana wa mlongo wanu, ndipo asachotse kachubuko. Ndinabwereka njinga ya a hedimasitala, ndinaigadabuza pakhonde. Zipora anazunguza wilo lake kamodzi, anamvetsera, n'kuchokapo. Sililira ngati lija.

Tsitsi lake lameranso, pena pambiri pena pang'ono, ndipo pachipsera sipanamere. Layamba kupotana, anthu ayamba kale kunena kuti mayi wake ndi wauve. Anene. Sizasi ndagula, ili pawindo pamene iye amaiona tsiku lililonse. Sindiigwira mpaka wilo libwere. Ndipo likadzaima, ndidzaima.

Undiperekere moni kwa mlamu wanga Margret. Umuwerengere kalatayi ngati ufuna, sindibisanso. Felix ndi Lonely uwauze kuti ku Mitundu ali ndi msuweni wawo wodziwa kusanja manati kuposa amakaniko a mumgodi. Akadzabwera asadzamukumbatire, adzangokhala naye pafupi. Upereke moni kwa onse a kwathu amene muli nawo kumeneko.

Mulungu akusunge pansi pa nthakapo, akutulutse wamoyo tsiku lililonse. Uyankhe msanga, amalume akuti akufuna zithe mvula isanagwe.

Ndine mlongo wako,

Amake Zipora